Chimene Chinamugwira Nangozo M'chilindo

Amene simunagonepo kumunda mumayesa kuti mdima ndi umodzi. Ayi. Mdima wa m'mudzi uli ndi anthu mkati mwake: wina akutsokomola kuseri kwa khoma, mwana akulira, mbuzi zikugundana m'khola. Mdima wa kumunda ndi wina. Umenewo uli ndi eni ake, ndipo ukagonamo umadziwa wekha kuti ndiwe mlendo. Senderani kuno ndikuuzeni za Dolofina, amene kwawo ankangomuitana ndi mfunda wake kuti Nangozo.

Nangozo ankakhala m'mudzi wina wa m'mphepete mwa nkhalango ya Thuma, kumene minda imathera pomwe mitengo yayambira. Chaka chimenecho mvula inagwa bwino ndipo chimanga chinabereka mpaka mapesi kuwerama. Koma kumeneko chimanga chikabereka sakondwa mwini munda yekha. Nguluwe zimamva, anyani amamva, njovu nazo zimamva fungo zili kutali kumapiri. N'chifukwa chake munda uliwonse uli ndi chilindo chake, kanyumba ka udzu kokwezedwa pa nsanamira, momwe mlimi amagona kuti azipirikitsa zilombo pomenya zitini ndi kukuwa.

Kulinda inali ntchito ya mwamuna wake, Lufeyo. Koma chimanga chitangoyamba kumasula, ngolo inamugubudukira pa mtsetse n'kumuthyola mwendo. Anabwerako kuchipatala ndi chikhakha chofika m'ntchafu, munthu wongokhala pakhonde.

"Munda ungopita basi, mayi a Sitere," anatero Lufeyo tsiku lina, maso ali kunkhalango.

"Supita," anayankha Nangozo. "Chitini sichifunsa kuti akuchimenya ndi mwamuna kapena mkazi."

Choncho usana ankatunga madzi, kusinja, kusambitsa wodwala ndi kusamala mwana wawo Sitere, ndipo dzuwa likapendeka ankatenga chikwanje, bulangeti ndi chikuni cha moto n'kulowera kumunda. Tulo take tinasanduka ta nkhuku, diso limodzi gone, lina likuyang'ana.

Masiku oyamba kunalibe kanthu kupatula nguluwe ndi kuzizira. Kenaka tinthu tinayamba.

Lufeyo anali atamanga chingwe chachitali kuzungulira munda, n'kupachikamo zitini zoikamo timiyala, kuti chilombo chikakhudza zizilira. Usiku wina kopanda ndi kamphepo komwe, chitini cha kumapeto kwenikweni kwa munda chinalira kuti ngwe. Nangozo anatchera khutu. Patapita kanthawi chinalira chotsatira chake. Kenaka chotsatira. Sizinkalira pamodzi monga zimachitira nguluwe ikagunda chingwe. Zinkalira chimodzichimodzi, ngati munthu akuyenda pang'onopang'ono n'kumazikhudza ndi chala, kubwera kumene kunali chilindo. Chitini chomaliza, cha pafupi ndi makwerero, sichinalire. Kunangoti zii. M'mawa Nangozo anayenda m'mbali monse mwa chingwe koma sanapeze phazi la munthu kapena la nyama.

Tsiku lina chikwanje chimene anagona nacho kumutu anachipeza pansi pa makwerero, chitaikidwa bwinobwino, mpini utaloza kumudzi. Galu wawo, amene ankatsatira Lufeyo kumunda zaka zonse, anayamba kumaperekeza Nangozo mpaka pa chulu cha m'malire, n'kukhala pansi pomwepo, osapitirira ngakhale amuitane bwanji.

Ndiye madzulo ena, ali m'njira, anamva mapazi kumbuyo kwake: anali mayi wina wachilendo atasenza mtolo wa nkhuni. Nangozo anapatuka n'kupereka moni.

"Mwaswera bwanji, amayi?"

"Taswera," anayankha mayiyo, osatembenuza mutu chifukwa cha katundu. "Mukukagonanso kumtunda kuja?"

"Eya, tikulinda."

"Muzigona bwino."

Anasiyana. Nangozo anayenda kamtunda ndithu asanazindikire chimene chinkamuvuta mumtima. Mayiyo anali atamudutsa kupita kutsogolo, n'kupatukira kanjira kolowa m'nkhalango. Nkhuni zimachokera kunkhalango kupita kumudzi. Ndani amasenza nkhuni kupita nazo kunkhalango?

Usiku womwewo, cha m'bandakucha, chinamufikira.

Anadzuka monga amadzukira masiku onse. Maso anatseguka, naona udzu wa denga ndi kuwala kofiira kwa makala a moto umene unali pansi. Anafuna kutembenuka, thupi linakana. Anayesa dzanja, dzanja linangoti gone ngati la munthu wina. Pachifuwa panali polemera ngati wina wamusanjika thumba la chimanga chonyowa, ndipo mpweya unkalowa pang'onopang'ono ngati akupumira m'bango. M'makutu munkalira ngati njuchi zatsekeredwa mu mtsuko. Anafuna kukuwa, koma mawu anathera pakhosi. Ndipo pakhomo pa chilindo, pamene pamaonekera nyenyezi, panali podera kuposa mdima wonse. Sanaone nkhope, sanaone dzanja. Ankangodziwa, monga umadziwira kuti wina akukuyang'ana kumbuyo, kuti pali amene wakhala pamenepo, ndipo akumuyang'ana iye.

Zinatenga nthawi yaitali bwanji, Nangozo sanadziwe. Tambala atalira kumudzi, cholemera chija chinangonyamuka, thupi lake n'kubwerera kwa iye. Anadzuka thukuta lili kamukamu, pakhomo pali nyenyezi zokhazokha.

Sanauze munthu. Koma chitabweranso usiku wotsatira, n'kubweranso, maso ake analowa m'kati ndipo Lufeyo anaona.

"Mukuwonda, mayi a Sitere. Kukuchitika chiyani kumundako?"

Nangozo anafotokoza zonse. Lufeyo anasisita chikhakha chake.

"Ndi a Chimbalanga amenewo," anatero.

A Chimbalanga anali nkhalamba yolima munda woyandikana ndi wawo. Akazi awo anamwalira kalekale, ana anabalalikira m'tauni, ndipo iwo ankagona m'chilindo chawo okha, osayankhula kwambiri ndi anthu. Chaka chomwecho anakangana ndi Lufeyo pa nkhani ya chulu cha m'malire chija.

"Ngolo inandigwera titangokangana," anapitiriza Lufeyo. "Lero akukhalirani pachifuwa. Akufuna munda umenewu."

"Musatchule munthu dzina musanamuone, bambo a Sitere."

"Mfiti imaoneka?"

Mawu akatuluka pakamwa sabwerera. Lufeyo anauza abale ake amene ankabwera kudzamuzonda, abalewo anauza anzawo, ndipo posakhalitsa amayi pachitsime ankatsitsa mawu a Chimbalanga akamadutsa. Anyamata ena anayamba kunena kuti chilindo cha udzu sichichedwa kupsa. Nangozo akamva zimenezi mtima unkamuwawa, komabe dzuwa likamalowa nayenso ankayang'ana kumunda kwa nkhalambayo ndi diso lina.

Tsiku lokaonetsa mwendo litakwana, anakweza Lufeyo pa ngolo ya mnansi kupita kuchipatala chaching'ono cha m'deralo. Adokotala a kumeneko, a Zgambo, atamaliza kuona chikhakha anatembenukira kwa Nangozo.

"Wodwala ndi uyu, koma amene akuoneka wodwala ndinu, mayi. Mukugona?"

Nangozo anayang'ana pansi. Kenaka, mwina chifukwa a Zgambo sanali a m'mudzimo, ananena zonse: kulemera, njuchi za m'makutu, ndi amene amakhala pakhomo. Ankayembekeza kuti amuseka. Sanaseke. Anakoka mpando n'kukhala.

"Zimenezo ndikuzidziwa, zinkandichitikira ndili pa sukulu," anatero. "Tamvani. Munthu akamalota akuthamanga, bwanji sathamangadi n'kukagunda khoma? N'chifukwa choti tikamalota thupi limamangidwa, kuti tisachite zimene tikulotazo. Podzuka, mfundoyo imamasuka kaye, kenaka maso amatseguka. Koma nthawi zina maso amafulumira mfundo isanamasuke. Ndiye munthu uli maso koma thupi likadali m'tulo."

"Nanga kulemera kwa pachifuwa?"

"Mukupuma mpweya wa munthu wogona, wapang'onopang'ono, pamene mtima wanu wa mantha ukufuna wambiri. Sizipha. Palibe amene anafa nazo. Zimakonda munthu wotopa, wa nkhawa, wogona modukizadukiza, makamaka akagona chagada. Muzigona chammbali, usana muzipezako mpata wotseka maso. Zikabwera musalimbane nazo. Muzipuma modekha, n'kuyesa kugwedeza chala chimodzi cha kuphazi. Chala chikavomera, thupi lonse limatsatira."

Nangozo anagwedeza mutu. Koma funso limodzi linatsala.

"Nanga amene amakhala pakhomoyo ndani, adokotala?"

"Ndi maloto anu omwe, mayi, atsalira m'maso. Anthu a m'mayiko onse amamuona, aliyense n'kumupatsa dzina la kwawo."

Pobwerera Lufeyo anangoti, "Za m'mabuku izo." Koma Nangozo anazisunga. Anayamba kugona chammbali, masana n'kumabisala kuseri kwa nkhokwe kuti atsekeko maso. Chinthu chija chinayamba kubwera patalipatali, ndipo chikabwera iye ankapuma modekha, n'kufunafuna chala chake cha kuphazi mpaka chigwedezeke. Zinkathekadi. Mfundo inkamasuka monga ananenera a Zgambo.

Madzulo ena akusonkha moto pansi pa chilindo, anamva kutsokomola m'chimanga. Anali a Chimbalanga, atanyamula phale.

"Odi, Nangozo. Moto wandizimira, ndimati ndipaleko."

Nangozo anawapalira makala. Nkhalambayo sinachoke msanga. Inanjuta n'kumayang'ana moto.

"Ndimakumvani mukubuula m'bandakucha," inatero. "Amakufikirani, eti?"

Nangozo anasonkhezera chikuni pamoto.

"Ine anayamba kundifikira ndili mnyamata. Mpaka lero. Akabwera ndimangoti, mwabwera, khalani."

"Ndi ndani, agogo?"

"Sindinamuonepo nkhope."

"Amafuna chiyani?"

"Sindinamufunse. Pakamwa pamakhala potseka." A Chimbalanga anaimirira movutikira, mawondo akulira. "Zimene akunena kumudzi ndazimva. Ine ndakalamba, mwana wanga. Chulu chija ndingapite nacho kuti?"

Analowa m'chimanga ndi phale lawo, kuwala kwa makala kukuchepa mpaka kuzimirira.

Chimanga chinafika poti n'kuwotcha, ndipo mbiri inamveka kuti njovu zatsika kumapiri, zadya minda ya kutsidya. Olinda onse anagwirizana kuti woyamba kuziona amenye chitini mwamphamvu, anzake athamangire ndi miuni. Usiku umene ndikunenawu mwezi unali mbee, moti masamba a chimanga ankanyezimira ngati anyowa. Nangozo anakhala maso nthawi yaitali, chitini ndi mtengo wake zili pambali. Achule ankalira kudambo. Kenaka tulo tinamuba.

Anadzuka atamangidwa. Anali atagona chammbali, nkhope italoza pakhomo, koma chinamupezabe. Sanachite mantha kwambiri. Mumtima anati, ndi thupi langa, likadali m'tulo. Anayamba kupuma modekha.

Ndipamene anazindikira kuti achule aleka kulira. Kunalibe ndi kachilombo komwe kolira m'udzu. M'malo mwa njuchi za m'makutu munali kugunda kwina, kwapansipansi, kumene sankakumva ndi makutu koma ndi nthiti, ngati bingu la kutali likuyenda pansi pa nthaka. Kenaka phesi linathyoka. Lina linathyokanso. Zitini za pa chingwe sizinalire ngakhale chimodzi.

Pakhomo panada. Nyenyezi zinazima, mwezi unatsekeka, ngati phiri lasendera n'kudzaima pafupi ndi chilindo. Nangozo anati, ndi maloto atsalira m'maso. Chinthu chachitali, chokhuthala ngati ntchafu ya munthu, chinalowa pakhomo mwakachetechete, chikupindika, chikufufuza pa mphasa. Chinafika pa mapazi ake n'kupuma. Mpweya wake unali wofunda, wonunkha udzu wophwanyika ndi matope.

Ndi maloto, anatero Nangozo, n'kuyamba kufunafuna chala chake cha kuphazi. Chala chinagwedezeka. Phazi linavomera. Dzanja linayamba kubwerera, zala zikumva kukhakhala kwa mphasa. Mfundo inali ikumasuka monga mwa masiku onse, ndipo iye anadikira kuti chinthu chija chisungunuke monga ankasungunukira wa pakhomo uja.

Sichinasungunuke. Chinapumanso pa mapazi ake, ndipo bulangeti linagwedezeka ndi mpweyawo.

Chinali chitamba cha njovu.

Chilindo chonse chinayamba kugwedera pang'onopang'ono, ngati china chikudzikhula ku nsanamira pansi pake. Mantha amene anamugwira Nangozo anali a mtundu wina, a munthu amene ali maso ndithu. Dzanja lake linayamba kukwawira ku chitini. Chifuwa chinadzaza mpweya, kukamwa kunatseguka, mkuwo unali utafika kale pa lilime.

Pomwepo cholemera chija chinabwerera.

Sichinabwere monga chinkabwerera kale. Sichinamugwere ngati thumba. Chinatsika pa iye mofatsa, kuyambira pa mapewa mpaka ku mapazi, monga mayi amagwirira mwana wodwala kuti asagubudukire pa moto. Dzanja lija linaima lisanafike pa chitini. Mkuwo unabwerera m'chifuwa. Ndipo kumbuyo kwake, kumene kunali khoma la udzu lokha, Nangozo anamva kuti kuli wina wagona naye, wamukumbatira, akupuma pamodzi naye pang'onopang'ono, ngati akumuphunzitsa kapumidwe. Sanathe kutembenuka kuti aone. Anapeza kuti sakufunanso kutembenuka.

Anagona choncho, maso ali pakhomo. Chitamba chinanunkhiza bulangeti, chinanunkhiza chikwanje, chinakhudza chitini mopepuka osachiliza, kenaka chinatuluka. Pamene mutu waukulu uja unkatembenuka, Nangozo anaona diso, laling'ono, lonyowa, mwezi ukuwala m'kati mwake. Linamuyang'ana nthawi yaitali. Munalibe ukali m'diso limenelo, munalibenso chifundo. Linali ngati diso la munthu wamkulu kwambiri amene wakupeza uli m'njira yake ndipo akuganiza.

Kenaka phiri lija linasuntha, nyenyezi zinabwerera. Misana ina inadutsa, ikuluikulu ndi ing'onoing'ono, ikuyandama pamwamba pa chimanga ngati miyala ikuyenda m'madzi, popanda phokoso loyenera zinthu zazikulu chotero. Nangozo anaziona zonse mpaka yomaliza. Misozi inkatsika yokha kudutsa pa mphuno n'kugwera pa mphasa, koma sanali kulira kwa mantha.

Chomugwira chija chinamusiya nthanda itatuluka. Achule anayambiranso.

Kutayera anatsika. Pansi pa chilindo, phulusa la moto wake linali litapondedwa ndi mapazi ang'onoang'ono ozungulira ngati mbale, ndipo nsanamira imodzi inali yopakika matope mpaka m'chiuno mwa munthu. Mwana wa njovu ndiye ankadzikhula pamenepo. Pambali pake panali mapazi a make, akuluakulu ngati lichero, atazama pamalo amodzi pomwe anaima nthawi yonseyo. Aliyense wokulira m'mphepete mwa nkhalango amadziwa chimene njovu ya mwana imachita ikadzidzimutsidwa mwana ali pansi pa mapazi a munthu. Chilindo chikanakhala nkhuni, ndipo Nangozo akanatoledwa ndi mkeka.

Akadali chiimire, chimanga chinagwedezeka ndipo a Chimbalanga anatulukira, opanda ndodo yawo, milomo ili mbuu. Atamuona ali moyo anakhala pansi pa dothi pomwepo.

"Ndinaziona zikulowa m'munda mwanu," anatero. "Mwezi unali wowala, ndinaziona zonse. Ndinatenga chitini kuti ndimenye, anthu abwere. Ndinali ndisanagone n'komwe, Nangozo, ndinali chikhalire. Anandigwira ndili chikhalire, mtengo uli m'manja. Zaka zonsezi sanandigwirepo ndili maso."

"Mukanamenya, agogo, bwenzi pano mukulira maliro."

"Ndaona mapaziwo."

Anakhala pamenepo awiriwo, dzuwa likutuluka pa munda umene njovu zinadya mbali imodzi n'kusiya mbali ina.

Mbiri itafika kumudzi anthu anakhamukira kumunda. Lufeyo anakana kutsala, anamunyamula pa njinga anyamata omwe aja ankanena za moto. Anaona nsanamira ya matope, anaona mapazi, anamva mkazi wake akufotokoza, anamvanso nkhalamba ija. Kenaka anapempha kuti amutsitse pafupi ndi a Chimbalanga, ndipo atakhala pa dothi, mwendo wa chikhakha uli tambalale, anawomba m'manja mwaulemu.

"Pakamwa panga panathamanga, agogo. Mundikhululukire."

"Mantha ndi amene anathamanga," anayankha a Chimbalanga. "Zatha."

Patapita nthawi Nangozo anakafotokozera a Zgambo. Iwo anamvetsera mpaka kumapeto, nati mantha aakulu nawonso amatha kuumitsa munthu ngati mtengo, ndipo mwina ndi zimene zinagwira anthu awiriwo usiku umodzi. Nangozo sanatsutse. Zimene anamuphunzitsa zinamuthandiza, ndipo iye mwini anaphunzitsa amayi ambiri a m'mudzimo za kugona chammbali ndi za chala cha kuphazi, moti nkhani zotchulana ufiti chifukwa cha tulo zinachepa kumeneko. Koma wina akamufunsa kuti nanga usiku wa njovu uja chinali chiyani, ankangoti, "Thupi langa ndimalidziwa likamangidwa. Tsiku lija ndinagwiridwa."

Anakalamba, ndipo chinthucho sichinamusiye. Chinkamufikirabe mwa apo ndi apo, m'nyumba mwake momwe, zitseko zili zotseka. Chikabwera sankafulumiranso kudzimasula. Ankangogona phee, kupuma modekha, n'kutchera khutu kuti amve chimene chikudutsa panja.

Nthawi zambiri sikunkadutsa kanthu. Nthawi zambiri.